Utsi wa Galimoto ya ku Tizgi

Tsiku limene Bassou anagula galimoto kunali chimphepo cha fumbi chochokera kuchipululu. Chinayamba m'mamawa, chikuweramitsa mitengo ya kanjedza ya ku Goulmima ndi kuthira mchenga m'makapu a tiyi, ndipo pofika masana mapiri sankaonekanso. Anthu anali atatseka mazenera. Bassou anadzikulunga nsalu kumaso, nauyamba wopita kwa mlamu wake Zaid.

Galimotoyo inali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola. Inali ya m'chaka cha 1978, ija yaifupi, yam'mwamba, yokoka ndi matayala onse anayi, imene anthu a kumapiri amati siifa koma imangotopa. Inali itapentedwa kambirimbiri moti pachitseko pokha munthu ankawerengapo mitundu inayi. Kwa zaka zoposa makumi atatu Zaid ankanyamulira anthu pakati pa Goulmima ndi Tizgi, kamudzi ka pamwamba pa phiri kumene iye ndi mlongo wake Touda anabadwira. Ndiyo inamutsitsa Touda kuphiri ali mkwatibwi wa Bassou. Ndiyonso inamukweza atamwalira, poti anali atanena kuti akamuike pafupi ndi mayi ake. Umenewo unali ulendo womaliza wa galimotoyo. Maso a Zaid anayamba kuchita nkhungu, galimoto inaimikidwa, nkhuku zinalowamo.

Tsopano ku Tizgi kunkapita lole imodzi basi, Lolemba, tsiku la msika. Koma kumanda anthu amapitako Lachisanu, ndi chigubu cha madzi othira pamtumbira. Miyezi isanu ndi itatu inali itatha, ndipo Bassou anali asanathireko madzi pamanda a mkazi wake Lachisanu ndi limodzi lomwe. Novembala anali atalowa. Chipale chofewa chikangogwa pamapiri, njira ya ku Tizgi imatsekeka mpaka Malichi.

“Ndagula,” anatero Bassou atapeza Zaid pakhonde.

“Mwagula chiyani, alamu? Ndi moni yemwe simunapereke.”

“Mtendere. Ndagula galimoto.”

“Ilo ndi khola la nkhuku. Mazira omwe mukuwafuna?”

Bassou anatchula mtengo. Zaid analumbira kuti chipongwe chotere anali asanachimvepo chibadwire, natchula wake. Bassou anabwereza womwe uja. Anamwa kapu yoyamba ya tiyi, yachiwiri, mchenga ukumveka m'mano. Pa kapu yachitatu Zaid anatambasula dzanja.

“Kunenerera ndi inu n'chimodzimodzi kunenerera ndi chitseko,” anatero. “Koma mudziwe, pepala lake linatha. Apolisi a pamlatho paja sakulolani kukwera phiri mpaka mutakaiyezetsa ku Errachidia. Musanapite mudutse kaye kwa Mekki.”

“Chifukwa?”

“Aliyense amadutsa kaye kwa Mekki.”

Bassou sanadutse kwa Mekki. Anathamangitsa nkhuku, nasesa, naika batire latsopano, ndipo Lachinayi m'mawa anayenda makilomita makumi asanu ndi limodzi a msewu wa thyathyathya osapitirira liwiro la njinga yamoto yotopa. Kuyendetsa anaphunzirira ku usilikali, ndipo kuchokera nthawi imeneyo sanaonjezerepo kanthu kapena kuiwalapo kanthu.

Malo oyezera magalimoto anali chishedi chachitali chokhala ndi dzenje pakati. Woyeza anali bambo wa magalasi, wovala khoti loyera. Anayeza mabuleki, nagwedeza mutu modabwa kuti alipo. Anayeza nyali, hutala, chiwongolero. Pomaliza analowetsa kapaipi ka makina ake m'paipi ya utsi.

“Pondani mpaka pansi, bambo. Katatu.”

Bassou anaponda kamodzi. Utsi wakuda bii unadzaza shedi yonse, nkhunda zimene zinkakhala kudenga zinatulukira pakhomo, ndipo dalaivala wa minibasi yomwe inali pambuyo anakweza magalasi. Patapita kanthawi woyeza uja anatulukira m'kati mwa utsiwo akupukuta magalasi ake. Khoti lake silinalinso loyera.

“Kawiri kotsalako kakhale,” anatero. “Makina angawa ali ndi pamene amalekezera kuwerenga. Yanuyi yapitirira pamenepo. Simunadutse kwa makaniko?”

“Ayi.”

“Zaonekeratu. Muli ndi masiku khumi ndi asanu oti mubwerenso. Ikakalephera, pamsewu isaonekenso.”

Pobwerera Bassou anaima kwa Mekki, amene galaja yake inali polowera m'tauni. Mekki anali wa zaka za m'ma fote, wolankhula ngakhale ali kunsi kwa galimoto. Anatsegula boneti, nalozera ndi chala chamafuta kabawuti kakang'ono ngati njere ya kanjedza, kamene kanali pambali pa pampu ya dizilo.

“Nkhani yonse ili apa, madala. Ndikapotozera uku, injini imamwa kwambiri, mphamvu zimabwera, utsi nawo umabwera. Ndikapotozera uko, imamwa pang'ono, utsi umatha, mphamvu nazo zimatha. Magalimoto onse a kuphiri ndimatseka Lachitatu, Lachinayi m'mawa amakayezetsa, pobwera amaima pompano n'kutsegulanso. Kutseka ndi kutsegula mtengo ndi umodzi, tiyi ndi waulere.”

Bassou anayang'ana kabawutiko nthawi yaitali.

“Ndiye amayeza galimoto iti?”

“Yomweyi, madala.”

“Ya Lachinayi.”

“Eya, ya Lachinayi.”

“Ine ndiziyendetsa ya Lachisanu.”

Mekki anaseka, koma anaseka yekha. Mu Goulmima munalibe amene sankamudziwa Bassou. Zaka makumi atatu anakhala wogawa madzi a m'ngalande ku minda ya kanjedza, ndi kambale kamkuwa koboola pansi. Ankakayandamitsa m'ndowa, kakadzaza n'kumira ndiye kuti gawo limodzi la nthawi yothirira latha. Pa zaka zonsezo panalibe munthu amene kambale kanamuchedwera kumira, ngakhale mkulu wa mzikiti, ngakhale apongozi ake a Bassou yemwe. Anthu ankamulemekeza kwambiri ndipo sankamuitana kawirikawiri ku maphwando.

“Tseka,” anatero Bassou. “Ukatseka umatepo mtovu.”

“Mtovu? Ndiye kuti simudzatsegulanso?”

“Ayi.”

“Madala, ku Tizgi simukafika. Mukakafika pachikweza cha Khosi la Ngamila paja, imeneyi ikakhala pansi ngati bulu wokwiya. Ine ndakonza magalimoto a njira imeneyo kuyambira ndili ndi mano onse.”

“Tseka.”

Mekki anatseka, nalumikiza kawaya, namatapo mtovu monga amachitira a kampani. Anati aka kanali koyamba kuti munthu amulipire kuti adzitsekere yekha njira.

Kuseri kwa tauni kuli kaphiri kokhala ndi thanki ya madzi pamwamba. Bassou anapita kukayesera kumeneko. Utsi unalidi utachepa. Galimoto inakwera mpaka pakati, inakhosomola kawiri, inazima. Anaibweza chafutambuyo, nayesanso, ndipo inakazimira pamalo omwe aja. Kaphiriko sikankafika n'komwe theka la Khosi la Ngamila.

Anabwerera kunyumba, nadzera kwa wophika buledi, amene anamukulungira mikate iwiri osafunsa, monga mwa masiku onse. Anatenthetsa msuzi wa nyemba wadzulo, nakhala pamkeka, nadya mkate umodzi. Wachiwiri unatsala pa tebulo. Unkatsala choncho tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi itatu, ndipo m'mawa mwake unkapita kwa mbuzi ya neba, imene inali itanenepa kuposa zinzake. Tsiku limenelo Bassou anauyang'ana mkatewo mpaka tiyi anazizira. Kenako anavala nsapato napita kwa Zaid.

“Munkanyamula angati?”

“Mtendere kwa inunso, alamu. Angati chiyani?”

“Anthu.”

“Makumi awiri ndi awiri. Tsiku la ukwati makumi atatu. Pamwamba nkhosa, matumba a balere, masilinda a gasi. Nthawi ina ndinakweza firiji, ku Tizgi magetsi asanafike. Mwini wake ankasungiramo mabulangete.”

“Kabawuti munatsegulira amenewo.”

“Nanga ndikanatsegulira ndani?”

“Ine ndili ndekha,” anatero Bassou, nanyamuka.

Ntchito yopeputsa galimotoyo inatenga masiku anayi pa galaja ya Mekki. Anayamba ndi keliyala ya padenga, imene Zaid anaiwotcherera ndi mapaipi a mjigo, ndipo inafuna amuna anayi kuti itsike. Anachotsa mabenchi atatu a chitsulo, makwerero a kumbuyo, chitsulo chotchinga kutsogolo, masitepe a m'mbali pamene anthu ankaimirirapo atagwira denga, thanki yachiwiri ya dizilo, ndi bokosi la zitsulo limene Zaid mwini anali ataiwala kuti lilipo. Mu sefa ya mpweya anapezamo nthenga za nkhuku zodzaza manja awiri. Kunsi kwa benchi yomaliza kunali nsapato imodzi ya mwana, makhungu a mtedza ndi chipeso cha mkazi. Bassou anachitola chipesocho, nachitembenuza. Sichinali cha Touda. Anachiika pamulu.

Mulu wa zitsulowo unatalika kuposa galimoto. Anthu odutsa ankafunsa Mekki kuti mwa ziwirizi yogulitsa ndi iti.

“Mwaivula mpaka yatsala ya mkati, madala,” anatero Mekki. “Ine ndikuchita manyazi kuiyang'ana.”

Bassou anapita nayo ku kaphiri ka thanki. Inakwera mpaka pamwamba, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wangochira malungo.

Lachinayi lotsatira anabwereranso ku Errachidia. Woyeza uja atamuona anavula khoti lake loyera, nalipachika panja, kenako n'kulowetsa kapaipi.

“Katatu, bambo.”

Bassou anaponda katatu. Kunatuluka kautsi kotuwa kamene kanatha kasanafike kudenga. Nkhunda zinakhala pamene zinali. Woyeza anayang'ana makina, nasuzumira mu injini, naona mtovu uja. Anaukhudza ndi cholembera.

“Uwu mwaikiranji? Pobwerera muvutika kuuchotsa.”

“Sindichotsa.”

“Mumayenda njira iti?”

“Ya ku Tizgi.”

Woyeza anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anadinda pepala, nasaina, nalipereka ndi manja awiri.

“Mulungu akuthandizeni,” anatero. “Makina anga sayeza mapiri.”

Polowa mu Goulmima, Mekki anali ataima m'mbali mwa msewu, sipanala ili m'manja, pongoyesa mwayi. Bassou anamuimbira hutala kamodzi nadutsa.

Lachisanu kunacha kozizira, kumwamba kuli mbee, koma pansonga za mapiri panali patayera kale. Bassou anatunga madzi pachitsime cha pakhomo, chimene Touda ankati madzi ake ndi okoma kuposa a pampopi, nadzaza chigubu cha malita makumi awiri. Anachimangirira kumbuyo. Atatuluka pageti anapeza Zaid ataima ndi ndodo, atavala mkanjo wake waubweya wa chipewa kumsana.

“Ndikupita nawo,” anatero Zaid. “Manda ndi a mlongo wanga. Komanso ndikufuna ndikaone ndi maso anga otsalawa pamene muti mukathere.”

Bassou anamutsegulira chitseko.

Pamlatho wapolisi anawerenga pepala kutsogolo ndi kumbuyo, nazungulira galimoto kamodzi.

“Ndimaidziwa iyi,” anatero. “Mbali inayo ili kuti?”

“Kwa Mekki.”

“Pitani bwino, bambo.”

Phula linathera pamtunda pang'ono. Njira inalowa m'chigwa, inawoloka mtsinje wouma kasanu, n'kuyamba kukwera. Bassou anakoka kagiya kakang'ono ka mphamvu, galimoto inayamba kukwawa. Zaid analankhula njira yonse. Anatchula pamene anaphulitsira tayala m'chaka cha chigumula, pamene mayi wina anachirira m'galimoto momwemo, pamene nkhosa inadumpha padenga n'kukafika ku Tizgi iwo asanafike. Kawirikawiri ankatembenuka kuyang'ana kumbuyo.

“Sindikuona utsi, alamu. Mukutsimikiza kuti ikulira?”

“Ikulira.”

“Kale anthu a ku Tizgi ankaona utsi wanga ndili pano, n'kutereka madzi a tiyi. Lero tikafika ngati akuba.”

Khosi la Ngamila ndi pamene njira imakhota kawiri motsatizana n'kuimirira pakati pa thanthwe ndi phompho, mtunda wokwana ngati mabwalo awiri a mpira. Anafikapo dzuwa lili pamutu. Galimoto inakhota koyamba, inakhota kachiwiri, inakwera mamita makumi atatu, inanjenjemera, inazima. Bassou anakoka buleki ya pamanja, natsika, naika mwala kumbuyo kwa tayala. Anailiza, nayesanso. Inasuntha utali wa mkono n'kuzimanso.

Kunali zii. Kumunsi kwa phompho akhwangwala awiri ankazungulira.

Zaid anapisa dzanja m'chipewa cha mkanjo wake, natulutsa sipanala yaing'ono ndi pulayala.

“Mekki wakupatsani moni,” anatero. “Alamu, kuno kulibe wapolisi, kulibe wa magalasi uja. Kuli ine, inu ndi akhwangwala. Kupotoza theka basi. Tikafika pamwamba titsekanso, ine ndikhala ngati sindinaone, ndipo kunena zoona sindiona. Chipale icho mukuchiona inu. Lachisanu lamawali njira ino ikhala itatsekeka.”

Bassou anayang'ana nsonga zoyera zija. Anayang'ana njira yotsala, kenako boneti. Anayendetsa chala pachiwongolero.

“Touda sangakudzudzuleni,” anatero Zaid motsitsa mawu.

“Tsikani,” anatero Bassou.

“Mwati?”

“Tsikani.”

“Nditsike ine? M'galimoto yanga yomwe?”

“Munagulitsa.”

“Tsitsani chigubucho. N'cholemera ngati mwana wa ng'ombe.”

“Chigubu chili ndi ntchito kumtunda.”

“Nanga ine?”

Bassou anamutsegulira chitseko. Zaid anatsika pang'onopang'ono, akuuza Mulungu kuti aone yekha mtundu wa munthu amene mlongo wake anakhala naye zaka makumi atatu ndi zisanu osadandaula.

“Sipanala mutenge,” anatero Bassou. “Nayonso ikulemera.”

Anachotsa tayala lapadera ndi jeke, nazitsamiritsa kuthanthwe. Anailiza injini, naisiya ipume kaye, kenako n'kumasula kalachi pang'onopang'ono monga ankatsegulira madzi ku munda wa mbande. Galimoto inanjenjemera. Inakhosomola kamodzi. Matayala anagwira, mwala uja unatsala m'mbuyo.

Inkayenda, koma munthu akanafuna umboni akanayenera kuyang'ana tayala. Zaid, ndi ndodo yake ndi maso ake a nkhungu, anaipeza, nayenda pambali pa zenera kwa kanthawi, kenako anaipitirira.

“Ndikawauze kuti mukubwera?” anafunsa. “Ndinene kuti mwezi uno kapena wamawa?”

Bassou anayang'ana kutsogolo. Mayi wina wa ku Tizgi anatulukira m'kanjira ndi bulu wosenza nkhuni, napereka moni pazenera, nafunsa za thanzi, za ku Goulmima, za mtengo wa shuga, n'kupepesa kuti iye ali pachangu. Bulu nayenso anadutsa. Pakati pa Khosi injini inatsika mawu mpaka Bassou ankatha kuwerenga kugunda kwake kumodzikumodzi. Sanaonjezere phazi, sanachepetse. Anakumbukira kuti tsiku la ukwati, potsika pamalo omwewa, Touda anasanza m'chipewa cha kumsana cha mkanjo wa amalume ake, ndipo amalumewo sanadziwe mpaka ku Goulmima. Injini inagwiranso mawu.

Pamwamba anapeza Zaid atakhala pamwala, akupuma mwa befu.

“Ndakalamba pokudikirani,” anatero Zaid. “Muli ndi kanthu kodya?”

Bassou anapisa m'thumba la kunsi kwa mpando natulutsa mkate wachiwiri uja. Zaid anaunyema, naudya wonse osasiyako, akudandaula kuti ndi wouma.

Kuchokera pamenepo njira ndi yogona. Analowa mu Tizgi anthu atatuluka kale mu mzikiti, koma dzuwa likadali m'mwamba ndipo likadali Lachisanu. Panalibe amene anali atatereka madzi a tiyi. Amuna amene anali pakhoma la mzikiti anaiyang'ana galimoto ikudutsa, mmodzi nafunsa Zaid kuti inadwala chiyani.

“Inakwatiwa ndi alamu,” anatero Zaid. “Ndisiyeni pano, ndikufuna tiyi. Kwa mlongo wanga ndibwera miyendo ikabwerera.”

Manda a ku Tizgi ali kumtunda kwa mudzi, kuseri kwa mitengo ya mtedza imene inali itayoyola kale masamba. Bassou anaimika galimoto moyang'ana kumunsi, nazimitsa injini, naika mwala kutsogolo kwa tayala. Kenako anamasula chigubu, nachisenza paphewa, nalowa kumanda.